Timibulu toyera m'zovala za Kankhonya

Lachiwiri, 4 Malichi

Kankhonya wanga wadwala. Sabata imodzi yokha padziko, maso chikasu chokhachokha, mkodzo ngati tiyi. Bere wakana. Atigoneka. Iye pansi pa nyali ya buluu, kansalu kumaso. Ine pampando wapulasitiki. Bambo ake angoti kakasi pakhonde.

Lachitatu, 5 Malichi

Amuthira magazi. Adokotala, mayi wamfupi wolankhula mothamanga, akhala nane pansi. Ati m'thupi muli ma enzaimu, ntchito yawo kufulumizitsa zinthu. Chimene pachokha chikanatenga zaka, iwo amachimaliza m'kuphethira kwa diso, n'kugwiranso china, osatha. Enzaimu iliyonse ndi ntchito yake, ngati kiyi ndi loko wake. Yoteteza magazi ndiyo yamuchepera mwana wanga. Poizoni akalowa, chitetezo chimachedwa, magazi n'kumasweka.

Poizoni wake? Timibulu toyera tothamangitsa njenjete. Ine mwini ndinatithira m'sutikesi ya zovala zake, ati kusamala. Kusamala kwa chitsiru!

Afunsa ngati kumtundu kwathu zinachitikapo, poti zimadzera kwa mayi. Amayi anga anali pompo ndi fulasiki m'manja. "Ayi, kwathu kulibe." Msangamsanga, ine ndisanatsegule n'pakamwa pomwe.

Lachisanu, 7 Malichi

Wayamwa pang'ono. Ndalira ngati khandalo ndine.

Loweruka, 8 Malichi

Azakhali abwera kudzazonda. Pakamwa pawo sipakhala chivundikiro. Atangosuzumira: "Ndendende mlongo wako uja, chikasu chomwechi." Mlongo wanga amene anamwalira ali khanda, ine ndisanabadwe. Moyo wanga wonse ndimadziwa kuti anali malungo. Ati madokotala anawafotokozera amayi zonse, ndi za timibulu zomwe. Anawauzanso kuti ana awo aakazi akadzabereka anyamata, adzawayezetse.

N'chifukwa chake timibulu kwathu sitinkalowa. Ankati timawapweteketsa mutu.

Ndili ndi pakati amayi anabwera, tinapinda limodzi tizovala pabedi. Ananunkhiza, n'kukwinya mphuno. "Fungo ili ine ayi." Basi. N'kupitiriza kupinda.

Mayi wanga wondibala. Mtima ukuwawa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Atitulutsa. Zovala zonse ndataya, ndi sutikesi yomwe. Wagona mu malaya akale a bambo ake.

Makutu ati tikayezetse mwezi wamawa, chikasu chikakwera chonchija nthawi zina chimagonthetsa. Ndawomba m'manja pafupi naye. Kaya anadzidzimukadi, kaya ndi ine ndimafuna kuti adzidzimuke.

Amayi aimba foni kangapo. Sindinayankhe.

Lachinayi, 13 Malichi

Abwera okha. Ndawafunsa kukhitchini, maso ndi maso. Sanakane ngakhale pang'ono. "Ukanakwatiwa ndi ndani anthu atamva kuti magazi athu ngoipa? Ndimati mwina iwe zikulambalala." Mwina! Mdzukulu wawo anamusiya m'manja mwa mwina.

Kenako andigwira mkono, mawu pansipansi. "Mng'ono wako usamuuze, mwanawe. Mwezi wake ndi uno, ndipo apongozi ake ukuwadziwa." Amayi akudziwanso bwinobwino kuti mng'ono wangayo akuyembekezera mwana wamwamuna.

Ndangoti, "Amayi, tiyi wanu akuzizira." Ndalowa kuchipinda, ndakhoma.

Ndikulemba foni ili kukhutu. Ikuitana. Amayi akugogoda, akunditchula dzina la paubwana, akuti ndiwachititsa manyazi, akuti ndiganizire banja la mnzanga.

Mng'ono wanga wayankha.