Lumo la pa Ulendo

Lachiwiri, 12 Febuluwale 1957, Kabudula

Tsiku loipa. Mvula sinakate, mtima uli m'mwamba. Mawa m'mamawa ndimperekeza mkazi wanga Nabanda wapansi kuchipatala cha ku Nambuma, akadikire komweko. Pakati pakula, ndipo madambo adzaza.

Mumtanga ndaikamo machesi okulunga m'kachikopa, nyali, chingwe choolokera mtsinje, nsalu yochapa. Ndinaikamonso lumo latsopano ndi ulusi, kuopa kuti mwana angatipeze panjira monga anachitira woyamba uja, amene sitinabwere naye kumudzi.

Apongozi, amayi ake a Nabanda, ataona lumolo analichotsa. Anayankhula atandifulatira: "Akamwini a masiku ano! Za mchombo mwamuna amazidziwira kuti? Mukuitana tsoka, eti?"

Ine sindidziwa kuzungulira. Ndinati, "Amayi, tsoka linabwera kale, linatipeza chimanjamanja." Mudzi wonse wamva. Nabanda walira.

Madzulo ano ndawaona kuseri kwa nkhokwe akumangirira lumo lija ndi ulusi kunsonga ya nsalu yawo. Ndiye kuti apita nafe. Sanandiyang'ane, inenso sindinapepese.

Koma tikakapeza mtsinje uja utasefukira...