Nambala Yachinsinsi ya Amayi

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni waulemu kumeneko ku Joni. Kuno ku Dzivarasekwa tili bwino, kupatula amayi amene asiya kudya.

Cholinga cha kalatayi ndi kukudziwitsani kuti bungwe lathu la nyumba linasiya kusainitsa papepala. Tsopano aliyense amasaina pafoni ndi nambala yake yachinsinsi. Amayi, posadziwa kuwerenga, anapereka nambala yawo kwa alamu athu kuti aziwathandiza. Alamuwo anasaina ndi nambalayo kuti amayi awapatsa nyumba.

Lachiwiri ine ndi amayi tinakadandaula ku bungweko. Wapampando anaseka nati, "Gogo, tinakuuzani kuti nambala sabwereketsa. Foni yati mwasaina, ndiye mwasaina basi."

Chonde bwerani msanga ndi mapepala akale a nyumbayi a malemu bambo. Alamu ayamba kale kupenta chipinda cha amayi.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Laston