Mendulo ya Agogo Yapeza Inzake

Foleshill, Coventry

Okondedwa asuweni a Eness,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Domasi. Ife kuno tilipo, kuzizira kokhaku.

Asuweni, ndakapeza! Mukukumbukira kachitsulo kamkuwa kaja agogo anabwera nako kuchokera kunkhondo ali msilikali wa gulu la Keyala, kamene azakhali amakakwecha ndi phulusa n'kumati ndi mendulo? Zaka zonsezi ndakhala ndikutolera matokeni, tizitsulo totere ta m'makampu a asilikali, kufunafuna kanzake, mpaka mkazi wanga Thandi kumandinena kuti ndadzaza nyumba ndi zinyalala. Loweruka ndakapeza pamsika wa zinthu zakale ku Wolverhampton, kofanana ndendende. Mzungu wina anali atatambasula kale dzanja, koma ine ndinamuchenjerera.

Wogulitsayo sanandibisire. Akuti si mendulo ayi, kanali kogulira kapu ya tiyi kukantini ya kukampu. Ndinaseka mpaka misozi. Tangoganizani, munthu kudzimana tiyi wake kunkhondo kuti asafike kumudzi chimanjamanja! Kwa ine imeneyo ndi mendulo ndithu. Koma azakhali musawauze kaye.

Mwana wathu Kayla anapita ndi kachitsulo ndagulako kusukulu kukaonetsa anzake, ndipo kwa nthawi yoyamba watchula dzina la agogo osalikhotetsa.

Kuchipatala andiitananso Lachiwiri, akuti ndisapite ndekha, nditengane ndi Thandi. Zimenezo tidzakamba.

Chonde, mukamapita kukalambula kumanda, mutenge tiyi wamkaka m'fulasiki mukawathirire agogo. Shuga musaumire, adikira nthawi yaitali. Mulungu akalola, kapu yachiwiri ndidzathira ndekha.

Ndine msuweni wanu,
Kondwelani