Bwato la Amphaka Ndalivundikira

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko? Miyendo ija inasiya kutupa? Ine kuno ndadzuka, koma ndadzuka ndi mkwiyo, ndiye khalani bwino pamkeka chifukwa lero ndabwera kudzaneneza munthu.

Ndiyambe ndi nkhani zabwino, poti ndi zochepa sizitichedwetsa. Patuma, mdzukulu wanga wa ku Blantyre uja, ali ndi mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu ndipo watengeradi, amakalipa asanaone cholakwa. Chimanga chatinamiza chaka chino, ngayaye zokongola koma pokolola tizinthu ngati chala. Nyanja inadzaza mpaka kulowa m'khitchini mwa mwana wanu Asiyatu. Ndinamuuza kuti athokoze Mulungu, ndiwo zayamba kumutsatira pamoto. Mpaka lero sakundiyankhula.

Tsono nayi nkhani. Mukukumbukira chidutswa cha bwato la malemu bambo, chija chili kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa? M'mawa uliwonse munkathiramo mitu ya nsomba, amphaka onse a padooko n'kumadyera pamodzi, mitu ili gundegunde. Munkati ndi sadaka yanu, ndipo munkati wodya yekha amatsamwanso yekha. Tsiku lomwe munkatisiya simunanene za munda kapena za nyumba. Munandigwira mkono n'kunena kuti bwato la amphaka lisadzaume. Anzanga amayi awo anawasiyira mbuzi, ine munandisiyira gulu la mbava zandevu. Komabe ndinasunga mawu anu zaka zonsezi, ngakhale masiku a mwera pamene ife eni tinkadyera thelere.

Pa mtundu wa mphaka wanu wamawanga uja patsala mmodzi yekha, wamkazi, ndimamutcha Abiti Ndevu. Ramadani itangotha anayamba kuonda. Ubweya unaima ngati udzu wa denga lakale, nkhama zinayera ngati chinangwa chosenda, m'kamwa zilonda. Ana ake onse anafa asanayambe kuyenda. Khoswe ankadutsa pamphuno pake mosathamanga, ngati akupita kwa apongozi.

Kuli mnyamata wina woona za ziweto amene amabwera kuno ku Malindi panjinga yamoto kuchokera kuboma. Dzina lake ndikulidziwa koma sindilemba, lingandidetsere pepala. Ine ndimati a Majombo, chifukwa amavala majombo ngakhale mu Okutobala mchenga ukuwotcha. Ndinawaimitsa pamsewu mwaulemu wonse, chisoti chili m'manja. Sanazimitse n'komwe injini.

"Madala, ine ndimaona ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Mphaka si chiweto, amangokhala."

"Nanga ine amene ndimangokhala, bwanji kuchipatala amandilandira?"

Anandisiyira fumbi m'kamwa.

Munkanena kuti pakamwa panga padzandimiza m'madzi osaya. Mwina, koma ulendo uno panandiolotsa. Tsiku la katemera wa mbuzi ndinamanga Abiti Ndevu kachingwe ka mlaza, n'kukaima naye pamzere pansi pa mlambe wa kumsika. Kutsogolo mbuzi, kumbuyo mbuzi, pakati ine ndi mphaka. Titafika kutsogolo a Majombo anafunsa kuti ichi n'chiyani. Ndinati ndi mbuzi ya ku Arabiya, nyanga zake zimamera m'kati. Anati ndichoke. Ndinakhala pansi pomwepo, n'kutambasula miyendo kutseka njira. Amayi ena kumbuyo, dzuwa litawakwana, anati, "Ingomuonani mphakayo, mwana inu. Che Yusufu sachoka, ife timawadziwa."

A Majombo anavala magolovesi, n'kumugwira mphakayo ndi nsonga za zala ngati mphika wotentha. Abiti Ndevu, ndi kudwala konseko, anawakanda pamkono. Sindinamukondepo ngati tsiku limenelo. Koma atamupapasa pansi pa chibwano n'kupeza zotupa, nkhope yawo inasintha. Anati pafunika kuyeza magazi ndipo iwo zoyezera amphaka alibe. Ananena mosangalala, amayi, ngati munthu amene wapeza pothawira. Sanadziwe kuti ndili ndi Patuma. Mwanayo anakafunsa kuchipatala cha agalu ndi amphaka ku Blantyre, n'kutumiza kachipangizo kake pa minibasi. Ndinakakapereka m'manja mwa a Majombo anthu akuona. Anandizengereza mpaka mwezi unaoneka wina, lero petulo, mawa msonkhano, mkuja chimfine.

Tsiku lomwe anabwera anakoka timagazi pamwendo, n'kudonthezera pa kachipangizo kaja. Kenaka anati ndi lukemiya ya amphaka, kachilombo kolowa m'magazi n'kufooketsa thupi mpaka matenda ena onse amangolowa osaodira. Anati anthu sikawagwira, koma mankhwala okachotsa kulibe, ngakhale ku Joni.

"Chanzeru, madala, ndimubaye jakisoni agone, asadzukenso."

"Agogo anu atayamba kutsokomola munawabaya yomweyo?"

Mpongozi wanu Abiti Jafali, ali pakhomo la khitchini, anangoti, "Abambo, pakamwa." Ndinati pakamwa pali bwino, podwala ndi pa mphaka. Tinakangana mpaka mnyamatayo anatopa. Anatulutsa mankhwala amadzi a zilonda za m'kamwa, akuyang'ana kumbali ngati akupereka mwana wake kwa mkamwini waulesi. Anati nsomba ndizimuphikira, yaiwisi ayi, ndipo azikhala m'nyumba yekha osakumana ndi anzake.

Akanapita pamenepo ndikanangodana nawo pang'ono, monga timadanirana ndi anthu onse a njinga zamoto. Koma pozungulira kuseri anaona bwato lanu, amphaka akunyambita zotsala.

"Onsewa amadyera umu?"

"Kuyambira inu musanabadwe."

"Ndiye chikuwapha n'chimenechi. Kachilomboka kamayenda m'malovu. Mmodzi akadwala, mbale imodzi imagawira onse."

Ndinawauza kuti limenelo ndi bwato la mayi anga, sadaka yawo. Anayankha akuvala chipewa chanjinga, osandiyang'ana, kuti, "Mayi anuwo sankadziwa."

Mwamva, amayi? Akuti simunkadziwa. Inu amene munkanunkhiza mphepo n'kuuza bambo kuti lero asalowe m'madzi. Inu amene munabadwitsa theka la mudzi uno popanda magolovesi. Kamwana koti kakaona ng'ona kangaitane mayi ake, akuti simunkadziwa. Nkhafi inali pafupi, ndipo ndinaiyang'ana. Chinandiletsa si ulemu, ndi msana.

Masiku otsatira ndinkathira mitu ya nsomba m'bwatomo mochita kuonjeza, mwamakani. Ndinauza aliyense kumzikiti kuti a Majombo sukulu yawo anaphunzira pawindo. Koma maso ndi adani a munthu wokwiya. M'mawa wina ndinakhala pambali kuonerera. Panali chimphaka chakuda chong'ambika khutu, chija chinkalamulira dooko lonse. Nthiti zinali poyera, dovu likuchucha m'bwato. Chitachoka, kamwana ka mphaka wa kwa Asiyatu kanabwera n'kunyambita pomwepo. Ndinayamba kukumbukira ena amene anasowa mwakachetechete chaka chino, amene ndinkati anatengedwa ndi afisi kapena anasamukira ku Makanjira kofuna ukwati. Ndinkafuna a Majombo akhale abodza. Mpaka pano ndikufunabe.

Ndiye ndinene ndekha musanamve kwa ena obwera kumeneko ndi nkhani zokometsera. Bwato lauma, amayi. Ndalivundikira. Abiti Jafali anati tiliwaze nkhuni, ndinamuuza kuti ayambe wawaza ine. Lili pomwe munalisiya, chafufumimba, ndipo ndimakhalapo. Ndinatola zigoba za malambe, ndinaziswa pakati, n'kuzimwaza pamchenga motalikirana, mphaka aliyense chake, ndipo ndimazitsuka akatha kudya. Amphaka lamulo limeneli sakulimva. Aliyense amaona kuti nsomba yokoma ili m'chigoba cha mnzake, ndendende ana anu. Ndiye m'mawa uliwonse ndimaima pakati ndi bango ngati wapolisi wa pamsewu, nkhalamba yonse ine, asodzi akundiseka. Kudya kuja kwa mitu gundegunde kunatha. Kumandiwawa, ndipo mlandu ndimauika pa a Majombo, chifukwa kachilombo sindingakaone kuti ndikatukwane.

Abiti Ndevu akukhala m'chipinda chanu. Ndimamuphikira tinsomba ta kambuzi n'kumuchotsera minga. Mpongozi wanu akuti zaka zonse za ukwati wathu sindinamuchotserepo munga ngakhale umodzi. Ndinati ayambe wagwira khoswe. Pomwetsa mankhwala manja anga asanduka ngati munda wopalasa nkhuku, koma zilonda zauma ndipo akudya. Dzana anakwera pawindo kuyang'ana anzake, n'kulira pang'ono. Kuchira sachira, zimenezo ndazimva. Mwina afika nafe mvula, mwina ayi.

A Majombo masiku ano akamadutsa amaima okha, osaitanidwa. Salowa bwino, amasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, "Mbuzi yanu ija ikudya?" Amayang'ana nkhama, amasiya kabotolo kena, akudandaula kuti si ntchito yawo. Ine mpando sindiwapatsa. Aime ndi majombo awowo. Kunena zoona sikuchotsa mwano.

Tsono muweruze ndinu. Munati bwato lisaume, ndipo lauma. Koma palibe mphaka wa padooko pano amene wagonapo ndi njala, ndipo ndikulonjeza kuti sadzakhalapo ine ndikupuma. Ngati mwakwiya sungani mkwiyowo, sindichedwa kwenikweni, mudzandikoka khutu nokha. Abiti Ndevu akatsogola mudzamuzindikira ndi banga la pamphuno, la agogo ake. Mudzamulandire, ndipo kumeneko adyere pamodzi ndi anzake onse monga munkafunira.

A Majombo nawo tsiku lina adzafika. Musadzawachite choipa, amayi. Mudzangowaimika pamzere wa mbuzi, padzuwa, mpaka ine nditavomera.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Yusufu