Foni ya Naima Siikupezeka

Lolemba, 17 Malichi
Tsiku la 16 la kusala. Mikanjo ya Idi mulu pakhonde, isanu ndi inayi yodula kale. Benchi langa lopanda munthu kuyambira m'mawa. Masiku onse pamadzaza a bawo ndi mabodza awo. Lero salamu ya patali, liwiro.
Andiuza ndi a Yunus a golosale yoyandikana nane, maso ali pansi: "A Jaffalie, zithunzi za Naima zili m'mafoni. Zosavala."
Naima wanga. Mwana mmodzi yekhayo, amene Mangochi yense amadzitama naye akamaimba pa TV.
Ndamuimbira pompo, ndili chiimire. Ndati wandivula pamsika, pakhomo panga usadzapondenso. Foni ndadula ndine.

Lachiwiri, 18 Malichi
Kolala ya mkanjo wa a Bilal ndaisoka mozondoka. Kupasula kawiri. Zaka makumi atatu pa makina, sizinandichitikirepo.
Madzulo kumasula kusala ndekha: madzi, nthochi ziwiri. Akanakhala moyo mayi ake, akanandilanda foni dzulo lija.

Lachisanu, 21 Malichi
Ku mzikiti, swala ya Juma. Pamzere wanga mpata uku ndi uku, ngati ndili ndi mphere. Potuluka a Bilal andikokera pansi pa mtengo wa mango. Ine ndimati chipepeso. Atulutsa foni: "Simunazione? Kholo liyenera kudziwa."
Munthu wa ndevu zoyera, ali pa kusala, wangochoka kumene pa swala! Naima, mwana amene iwo omwewo ankamugulira zitumbuwa akupita ku madrasa. Ndawauza adzatenge nsalu yawo akasoketse kwina.
Kafoni kanga ka mabatani ndimakanyoza. Lero ndakathokoza, sikaonetsa zithunzi.

Lachiwiri, 25 Malichi
Wabwera Ajira, mlongo wanga, kuchokera ku Katuli, matope mpaka m'mawondo. Naima anaimbira iye. Osati ine.
Akuti zithunzizo anadzijambula yekha kalekale, zopatsa mwamuna amene ankati amanga naye banja. Foni itafa anakaisiya kwa okonza. Ndiko zinabedwa. Amene anamuitana kukaimba, onse abweza mawu. Sakutuluka m'nyumba. Sakudya.
Ajira sanakhale n'komwe pansi. "Achimwene, mwana waberedwa, inu mwamenya woberedwayo."
Madzi akatayika saoleka. Pakamwa pangapa.
Ndaimba kasanu. Siikupezeka.

Lachinayi, 27 Malichi
Siikupezeka. Ajira nayenso sakumupezanso.
Wa kabaza wina wadutsa akuliza nyimbo yake, anzake kuseka, wina kuloza khonde langa. Ndadzambatuka, sizasi m'manja. Ndakhalanso pansi. Ndingamenye angati? Tauni yonse?
Azimayi akubwerabe kudzafunsa madiresi awo. Amaima patali, sakhala, amandiyang'ana m'mbali. Palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa kuti mwana ali bwanji.
Ndikuopa. Sindinauze munthu, ndingolemba pano. Ali yekha m'nyumba ya lendi, ndipo mawu omaliza amene anamva kwa bambo ake ndi aja.

Loweruka, 29 Malichi
Idi mkuja. Mikanjo isanu ndi umodzi yosatha, madiresi anayi. Ndazipinda, dzina la mwini pakapepala, ndasiya kwa a Yunus. Iwo akuti, "Makasitomala onsewa muwataya." Apite. Atukwane mpaka atope.
Ndili m'minibasi ya ku Limbe, ikudikira kudzaza. Kutentha.
Nyumba yake sindiidziwa. Ankati ku Chilomoni, kuseri kwa msika. Zaka zinayi akundiitana, ine ndi makina anga, mawa mawa, osapitako.
Ndikafunsa khomo ndi khomo. Kumeneko nako anaziona, ndikudziwa. Akandiyang'ana, akafunsa kuti mtsikana ameneyo ndi ndani wanu.
Mwana wanga. Ndikanena mokweza.