Khungwa Lofiira ndi Maondo a Abambo

Lachinayi, 6 Malichi

Zotsatira zatuluka. Khungwa lofiira lija lagwira ntchito. Madzi oyesera a mtundu wa pepo, nditangodonthezamo zimene tinafinya m'khungwalo, asuluka pompo. Ndiye kuti mphamvu yoteteza maselo kuti asawonongeke ilimo, yambiri ndithu. Pa timbale ta maselo amene tinawatupitsa dala, kutupa kwatsika kuposa mitengo ina yonse imene tayesa chaka chino. Ndabwereza. Zomwezo.

Apulofesa anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Akuti izi ndizo tikaonetse anthu otipatsa thandizo pa msonkhano wa mwezi wamawa. Popanda chooneka, labotale yathu itsekedwa mu Juni, tonse panja.

Nkhomaliro ndaiwala. Manja ofiira mpaka m'zikhadabo, sopo walephera.

Lamulungu, 9 Malichi

Kwa achimwene, kukaona abambo. Chimwalirire amayi amakhala kumeneko. Maondo ngati maungu. Nyamakazi yawagwira zolimba mwezi uno, kuchoka pampando kukafika kubafa ndi ulendo. Mapilitsi akuchipatala akuti akuwawotcha m'mimba.

Tikudya ndinafotokoza za khungwa. Chimwemwe chinandisefukira, pakamwa panangotseguka. Achimwene anafunsa kuti mtengo wake ndi uti, ndinawauza. Akuudziwa, akuti ulipo wambiri kumene amakatenga mchenga ndi lole yawo. Ndinanena kuti zikadali m'timbale, pa munthu sizinafike, koma nthawi imeneyo n'kuti onse akuseka kale. Abambo akuti: "Adokotala a timabotolo tsopano apeza mankhwala enieni."

Ndabwerako mtima uli myaa.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ntchito mpaka m'khosi. Tayamba kuyesa khungwa pa maselo a chiwindi, kuti tione ngati silivulaza. Dzulo magetsi anazima, jenereta inachedwa kulira, ine mtima uli pa filiji basi.

Achimwene anaimba masana. Abambo apita okha kugolosale, opanda ndodo. Ndinakuwa ndi chimwemwe pakhonde, mlonda mpaka kutembenuka. Ndinaganiza kuti kuchipatala awasinthira mapilitsi. Foni ina imalowa, ndinadula.

Lachisanu, 21 Malichi

Sizili bwino. Tikathira pang'ono, maselo a chiwindi ali gwa, amoyo. Tikawonjezera, akufota, akumatuka pansi pa mbale, kumayandama ngati mankhusu. Ndinayang'ana m'makina mpaka maso kuwawa.

Apulofesa akuti mwina maselowo anafooka tsiku la magetsi lija. Tidzabwereze msonkhano ukatha, panopa tionetse zimene tili nazo chitsimikizo. Akuti tisaswe mtsuko tafika kale pakhomo.

Ndasungunula maselo atsopano. Ndibwereza ndekha.

Lachinayi, 27 Malichi

Maselo atsopano, magetsi osazima, zotsatira zomwe zija. Afa.

Ndajambula zithunzi. Apulofesa ali ku ulendo mpaka Lolemba. Mwini nyumba wanena zokweza lendi. Juni ali pafupi bwanji.

Lamulungu, 30 Malichi

Anandilandira pageti ndi abambo eniake. Chiimire. Anandilanda chikwama kuti anyamule okha. Ndinatsala pang'ono kulira.

Kenako anatembenukira kudzuwa. Maso achikasu. Osati pang'ono.

Akukanda mikono mosalekeza. Alamu anandikokera kukhitchini, akunong'ona. Chakudya akungotola, mseru m'mawa uliwonse, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Ali mkati molankhula, ine maso pa poto wamkulu pambaula. M'kati mwake mofiira. Kuseri kwa chitseko mabotolo ndandanda, thumba la makungwa pambali.

Achimwene akhala akuwiritsa chichokere ine tsiku lija. Amaphika mpaka madzi atalemera, kapu m'mawa, kapu madzulo. Mapilitsi akuchipatala anasiyitsa. Ife mu labotale timathira kadontho kosaoneka ndi maso, iwo kapu yodzadza.

Ndinakalipa. Mawu amene ndinatulutsa sindiwalemba. Achimwene anangoti: "Unanena ndiwe kuti zayesedwa."

Abambo akana zopita kuchipatala. Akuti akuyenda, china chimene ndikufuna n'chiyani. Ndataya mabotolo onse m'ngalande iwo akuona. Ndagona konkuno, pamkeka m'chipinda cha ana.

Lolemba, 31 Malichi

Anasanza m'mawa, miyendo inalefuka. Pamenepo ndiye anavomera.

Mzere wautali, mabenchi odzadza, fungo la mankhwala otsukira pansi. Adokotala ndi mayi wachitsikana, wosachedwa ndi nkhani. Anatsitsa chikope cha abambo, kukanikiza pansi pa nthiti, abambo kubuula. Anafunsa chimene akhala akumwa. Ndinafotokoza zonse, mtengo, kaphikidwe, ndi zimene ndaona pa maselo. Anafunsa kuti anawauza za mtengowo ndani. Achimwene anandiyang'ana. Ndinati ndine.

Magazi aonetsa kuti chiwindi chavulala kwambiri. Awagoneka, diripi pamkono. Mankhwala ochotsa khungwalo m'thupi palibe. Kudikira basi, kuti chiwindi chidzikonze chokha ngati chingathe.

Kuntchito ndanena kuti ndili ndi matenda. Zambiri ayi.

Lachitatu, 2 Epulo

Lero sanandizindikire. Anandiyesa malemu amayi, kundifunsa ngati ana abwera kusukulu. Manja akunjenjemera. Adokotala akuti chiwindi chikalephera kusefa, zoipa zimakwera kumutu, ndipo zikapitirira tikonzekere chilichonse. Mawu akuti chilichonse sanandichoke m'mutu tsiku lonse.

Achimwene pakhonde la wodi, chipewa m'manja, akungochipotokola. Sitikulankhulana. Ndinangowafunsa ngati alipo wina amene anamupatsa. Anati palibe.

Alamu atabweretsa madzi osamba anandiuza zina. Alipo, ambiri. Anthu ataona abambo akuyenda anayamba kubwera okha ndi mabotolo. Achimwene sankagulitsa, ankangogawa, ati dalitso saumira. Aliyense ankauzidwa kuti mlongo wawo wa ku labotale anayesa.

Ndinakhala pansi pa simenti.

Lachinayi, 3 Epulo

Ndawauza apulofesa, ndawaonetsa ndi zithunzi za kuyesa kwachiwiri kuja. Chisoni anamva, chenicheni, mpaka anafuna kundiperekeza kuchipatala pa galimoto yawo. Koma akuti wodwala mmodzi si umboni. Abambo amwa mapilitsi a ululu zaka zambiri, nawonso amatopetsa chiwindi. Ndi zoona, ndikudziwa. Akuti msonkhano ndi wa kutupa ndi kuteteza maselo, za chiwindi zidikire lipoti lotsatira, ndipo ndisasakanize za kunyumba ndi za kuntchito.

Anthu a nyuzi adzakhalaponso pa msonkhanowo. Dzina la mtengo likangotuluka, mawa lake mitengo yonse idzakhala yosendedwa.

Anzanga mu labotale akundiyang'ana mwa mbali. Wina ali ndi mwana wakhanda, wina akulipirira mng'ono wake sukulu. Palibe wanena kanthu. Mwina bola akananena.

Abambo chimodzimodzi. Kugona kwambiri.

Loweruka, 5 Epulo

Achimwene anafika ndi lole m'mawa, osaimba foni. Anangoti ndikwere.

Khomo ndi khomo, kwa onse amene anatenga mabotolo. Iwo kugogoda, ine kufotokoza. Mlonda wa pasukulu anabweza botolo monyinyirika, akuti msana unali utayamba kumumvera. Amayi osoka zovala anatulutsa lawo msanga, anapepesa za abambo. Bambo wina wokonza njinga anatithamangitsa, akuti taona kuti mankhwala ndi amphamvu ndiye tikufuna tikawagulitse kwa olemera. Botolo anakana nalo. Ndinamupempha kuti angondilola ndione maso ake. Oyera. Mkazi wake anatitsatira kumsewu, akuti alitaya yekha mwamunayo akachoka.

Aliyense ndamuuza akayezetse magazi. Angati apite, kaya.

Pobwerera achimwene anaimitsa lole pambali pa msewu, mutu pachiwongolero. Chikhalire sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a amayi. Anati: "Ine ndimawanyamula kupita nawo kuchimbudzi, iwe sumaona. Ndimangofuna ayende."

Ndinawagwira phewa. Fumbi la mchenga lili m'tsitsi mpaka pano.

Lachiwiri, 8 Epulo

Atsegula maso bwinobwino! Anandiitana kuti adokotala a timabotolo, kenako anadandaula kuti tiyi wa m'chipatala ndi madzi otsukira makapu. Namwino anaseka, ine ndinathawira panja kukalira.

Magazi a lero aonetsa kuti kuvulala kwa chiwindi kwayamba kuchepa. Adokotala akuti tisathamange, koma njira yake ndi imeneyi. Apempha kuti ndiwalembere zonse za khungwalo, adziwitse anzawo ngati kungabwere wina wa maso achikasu.

Maondo ayambanso kutupa. Ndinaona akuwasisita pansi pa bulangete, akuyesa kuti sindikuona. Ndinawafotokozera za maselo, mmene ndingathere. Anamvetsera mpaka pamapeto. Anafunsa ngati chimene chimaphwetsa maondo ndi chomwecho chimene chimaluma chiwindi. Ndinati sindikudziwa, m'khungwa muli zinthu zambirimbiri, kuzilekanitsa kungatenge zaka. Anati: "Zaka ine ndilibe zambiri, koma maondo sadzatha m'dziko. Kalekanitse."

Msonkhano ndi mkuja. Zithunzi za chiwindi ndaziika pamapeto pa gawo langa. Apulofesa ndawauza, kuti asadzadzidzimuke pagulu. Anangonena kuti gawolo ndi langa, ndi zotsatira zake zomwe.

Lachinayi, 10 Epulo

Zatha. Chipinda chozizira, matebulo a nsalu zoyera, timabotolo ta madzi. Pa za kutupa anthu anaomba m'manja. Nditaika chithunzi cha maselo akufa, zii. Za abambo sindinanene. Ndinangoti khungwali lisamwedwe ndi munthu aliyense mpaka tidziwe chimene chikupha maselo, ndipo ndinapempha a nyuzi asalembe dzina la mtengo popanda chenjezolo.

Mayi wina wa otipatsa thandizo anandipanikiza ndi mafunso, mlingo wake, kangati ndabwereza, bwanji izi mulibe mu lipoti limene analandira. Funso lomalizali anayankha ndi apulofesa. Anati zinatuluka lipoti litapita kale. Sanandiyang'ane.

Yankho la thandizo akuti adzatiuza mwezi wamawa. Silinakanidwe, silinavomerezedwe. Mnzanga wa mwana wakhanda uja anatuluka osanditsanzika.

Madzulo apulofesa anaima pakhomo la labotale, chikwama m'manja. Akuti Lolemba tiyambe kulekanitsa za m'khungwa, tigwire mpaka tsiku limene adzatitsekere. Anatero n'kumapita.

Lachisanu, 11 Epulo

Abambo atuluka mawa. Adya phala lonse, apempha lina. Maso akadali achikasu koma ayamba kuyera m'mbali. Ndagula ndodo yatsopano, yakale anaitaya tsiku limene anapita kugolosale. Ndiwapatsa bwanji, sindikudziwa.

Ndimati lero ndichape, ndigone masana kamodzi.

Alamu angoimba kumene. Akumana ndi amayi osoka aja pamsika. Mabotolo anatenga awiri. Limene anatipatsa linali lawo, linalo anatumiza kwa mwana wawo wamkazi kutsidya kwa tauni. Ndi woyembekezera, miyezi yatha, mapazi anamutupa. Anaopa kunena pamaso pa achimwene. Foni ya mwanayo sikugwira chiyambire dzulo.

Ndaimbira adokotala, akuti tikangomupeza tibwere naye molunjika, asadutse pamzere. Nyumba yake amayiwo akuidziwa, tiwatenga pamsika pomwepo. Lole yafika, achimwene akuliza hutala panja. Zovala ndazisiya m'beseni, makiyi sindikuwaona.