Ababa, Akubwera Kudzasudzula Amayi

Ababa, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Ndikuti mwadzuka chifukwa sindikhulupirira kuti mwagona phee monga amanenera abusa. Inu munthu amene simunkatha kudikira kuti tiyi azizire, mungagone chaka chathunthu? Ndikuona ngati munazungulira kale konseko, mwadziwana ndi aliyense, ndipo ena ayamba kale kukuzembani. Ndine Esinati, mwana wanu wachisamba. Kalatayi ndinaiyamba kusukulu ana ali pa buleki, ndinaipitiriza mu minibasi yochokera kuboma, ndipo ndikuimalizira pakhonde panu kuno ku Kapelula. Nthenda yanu yosakhazikika ija inagwera ine.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira musanatulutse mapepala m'chikwama. Mkazi wa mlongo wanga Lameki anachira, mwana wamwamuna. Tinamutcha dzina lanu, Yobe. Miyendo ndi yanu yomwe ija, yaitali ngati mapesi, ndipo akagona chagada amangopalasa. Lameki akadali kuchikamwini kwake ku Chisemphere. Mvula inadula fodya atangogwira, kenaka mphepo inamugwetsera chigafa chimodzi masamba ali momwemo, koma zimene anapulumutsa anadinda, zinapita ku okushoni ndipo palibe belo limene linabwezedwa. Chisomo, chitsirizira wanu, ali kukoleji. Fizi yake ikuchokera ku inshuwalansi yanu ija, palibe amene tamugwadira. Ngakhale pamaliro panu, bokosi ndi galimoto zinafika tisanayambe n'kuganiza komwe. Anthu ankanong'onezana pansi pa mtengo kuti a Nangamawa anadzikonzera okha ulendo.

Dzina limenelo silinafe. Aphunzitsi akale akandiona amati, “Uyu ndi mwana wa a Nangamawa,” kenaka n'kuyamba kuseka. Amakumbukira mmene ankathawira akaona njinga yanu ikukhota pachipata cha sukulu, malaya oyera, tayi, chikwama pakaliyala. Ahedi ena akuti anabisala m'chimbudzi mpaka belu lowerukira. Mukamagulitsa inshuwalansi, anthu ankati mumalosera imfa, munthu wabwinobwino mumuuza bwanji za bokosi lake? Ndiye munapeza nzeru yanu. Munkasiya chikwama, n'kuvula tayi, n'kutulutsa mpira. Munkawathamangitsa aphunzitsiwo ndi a zachipatala mpaka malilime panja, inu osatuluka ndi thukuta lomwe, ndipo atagwa pakapinga munkakhala pambali pawo n'kufunsa mwaulemu kuti, “Achimwene, mwaumva mmene ukugundira mtimawo? Lero ukugunda. Nanga mawa?” Amasiye ambiri m'boma muno akudya chifukwa cha funso limenelo. Mayi wina wa ku Chisemphere anabwera pa maliro anu wapansi, ndipo analira kutiposa ife ana anu.

Koma pali chinthu chimodzi chimene simunakonze, Ababa, ndipo ndi chimene chandilembetsa kalatayi. Mlongo wanu, azakhali aNaphiri, pamodzi ndi amalume anu, mwini mbumba yanu, anena kuti chaka chakwana, afuna asudzule Amayi. Mukudziwa tanthauzo lake. Adzawakhazika pamphasa n'kuwauza kuti ukwati watha, ndi omasuka. Pakamwa adzati akhoza kukhala ngati afuna, koma ndani sadziwa? Amayi munawatenga ku Wimbe kudzakhala nawo pachitengwa. Nyumba munaimanga pamalo a mbumba yanu. Mkazi wosudzulidwa pamudzi pa eni ake ndi mlendo, ndipo mlendo sachedwa kuona nkhope zikusintha. Ana a azakhali ndinawaona ndi maso angawa akuyenda m'malire a munda, manja kumbuyo, ngati anthu ongodutsa.

Nditamva ndinapsa mtima, sindikubisani. Ndinati ayi, nyumba imeneyi ayi. Njerwa zake munaumba ndi Amayi, ine ndikutunga madzi. Pakabati pakadali zikho zanu za mpikisano, ndi ndowa ija munapata mutathamanga opanda nsapato muli mnyamata, imene simunkalola kuti tichapiremo. M'nyumba imeneyi ndi mmene munkabwerera tsiku lililonse. Kaya ntchito yakufikitsani kutali bwanji, kaya mvula, kaya tayala laphulika, munkati mwamuna amagona pamene pali ana ake. Atakuitanani ku ofesi yaikulu ku Lilongwe munakana, anzanu n'kumati mwapenga. Munkachapa matewera a Chisomo masana dzuwa likuswa mtengo, amuna anzanu akudutsa. Pamudzi panamveka kuti Amayi anakudyetsani khuzumule, inu n'kuyankha kuti ngati ndi mankhwala awonjezere, akukoma. Ndiye mkazi ameneyo anyamule kamtolo kake lero, abwerere kwawo ngati walephera banja?

Miyezi iwiri yathayi sindinakhale pansi. Lachisanu lililonse ndikaweruka ndinkakwera minibasi. Ndinapita kwa amalume anu, anandimvera bwinobwino, kenaka anandifunsa za mvula ya kuboma. Ndinapita kwa abusa, anati tipemphere. Ndinapita ku Chisemphere kukamuuza Lameki kuti aime ngati mwamuna, iye ali pa nazale akuthirira, osasiya n'keni yomwe. Anangondifunsa ngati eni akewo ndawafunsa. Ndinamuyankha kuti palibe chofunsa, Amayi ndi munthu wofatsa, sangadziyankhulire, ndiye ife tilipo chifukwa chiyani. Ndinachokako osatsazika.

Sabata yatha ndinalowa kwa azakhali. Ababa, mundikhululukire, mlongo wanu ndinamuyankhula mawu amene simunandiphunzitse. Ndinatchula za munda, ndinatchula za malata, ndinati ena ankangodikira kuti mtembo uzizire. Azakhali anali kutong'ola chimanga ndipo sanasiye. Nditatha mpweya anandiyang'ana n'kuti, “Mwana wa achimwene, wamaliza? Ine mlamu wanga ndimamukonda, ndakhala naye pano iwe usanabadwe. Anabwera yekha pakhomo pano kudzapempha kuti timusudzule. Kawiri konse ndinamubweza.”

Sindinakhulupirire. Ndinati ndi nzeru za akuluakulu zofuna kundiziziritsa. Ndinabwerera kuboma, sabata yonse ndikuphunzitsa zosadziwika, mpaka ana anandifunsa ngati ndikudwala. Dzulo ndinabweranso, ndinagona kuno, koma Amayi sindinawafunse. Tinacheza za Yobe, za mtengo wa feteleza, za nkhuku zimene zatha ndi chitopa. Ndinkaopa yankho.

Lero m'mamawa ndinamva ndowa ikulira kuseri. Nditatuluka ndinapeza Amayi atapereka kale madzi otentha kubafa, sopo pamwala, thaulo pampanda. Iwo anali ataima pangodya ya nyumba, maso kunjira ya kudambo. Mukuidziwa njirayo. Ndi imene munkathamanga m'mawa uliwonse musanavale tayi, ndi imene munapita tsiku lija osabwerera, mpaka azimayi ena opita kudimba anakupezani mutagona pambali pa mlatho. Ndinafunsa kuti madziwo ndi a yani. Anadzidzimuka, n'kuti ndi anga, ndisambe. Koma thaulo linali lanu.

Tinakhala pakhonde, madzi akuzizira kubafako. Ndinayamba kuwauza kuti asaope, palibe amene awachotse ine ndili moyo, ndipita nayo nkhaniyi kulikonse. Anandigwira bondo kuti ndikhale chete.

“Esinati, manja awa samva,” anatero. “Tambala akalira amakoleza okha moto. Ndikudziwa kuti abambo ako anapita, ndinawaona m'bokosi. Koma panyumba pano, m'mawa uliwonse, zimakhala ngati angochedwa. Ndimaima apo mpaka dzuwa litakwera. Ndatopa kudikira, mwana wanga. Asiye andimasule.”

Amayi anapitiriza. Anati ku Wimbe kuli mng'ono wawo, kuli munda wa agogo umene ukungomera tsekera, ndipo kumeneko palibe njira imene angamayang'ane. Anati azakhali anawauza kuti nyumbayi ndi ya ana, palibe wolowamo, koma mukudziwa inunso mmene imakhalira nyumba yosakolezedwa moto.

Ababa, ndakwiya nanu pang'ono. Munazolowetsa mkazi wanu kuti mumabwera nthawi zonse. Amuna ena amagona kumowa, amasowa sabata fodya akagulitsidwa, akazi awo amaphunzira kusadikira amunawo akadali moyo. Inu simunawapatse Amayi mpata wophunzira zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Ndipo ine ndikuopa. Ndikatsika minibasi pa Kapelula ndidzalowera kuti? Amayi akakhala pano, ndimafika n'kumva ngati mwangotuluka, mubwera posachedwa mukupukuta nkhope ndi malaya. Chimene chikuwapha iwo ndi chimene ine ndimadzera kuno. Ndimabwera Lachisanu, ndimachilawa, Lamulungu ndimapita. Iwo amatsala nacho.

Mwambowo uchitika Loweruka likubwerali. Azakhali ndakawapepesa masana ano, ndinagwada, anangoti ndine mwana wa bambo anga, mapazi amafika nzeru zisanafike. Lameki abwera ndi mkazi wake ndi khanda. Chisomo sindinamuuze, ndikusowa poyambira, mwina ndimuimbira mawa tikatuluka m'tchalitchi.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo apa ndiye ndikufuna mundimvetsere. Amayi atatha kuyankhula anandifunsa motsitsa mawu, ngati mwana, kuti, “Koma abambo akowo sakhumudwa? Sadzati ndawathawa?” Ine ndinakuyankhirani. Ndinati ayi, sangakhumudwe, iwo sankafuna kuona munthu ataima pamodzimodzi. Ndinanena molimba ngati munachita kundituma, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika. Ndiye musandisandutse wabodza. Mukafuna kuwabwerera kutulo, mubwere ndi nkhope yoseka. Ngati muli ndi dandaulo, mubwere nalo kwa ine, ndine ndinayankha.

Ndikulonjeza kuti Loweruka ndidzakhala pambali pawo pamphasa, ndipo pakamwa panga padzakhala potseka. Katundu wawo ndidzamanga ndekha, ndidzawaperekeza mpaka pakhomo ku Wimbe, ndipo sindidzawapempha kuti atembenuke.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Esinati